Tsiku limodzi ku Bruges, mzinda umene madzi anaulemeretsa kenako n'kuuthawa

Ulendo wa tsiku limodzi wochoka ku London kupita ku Bruges, m'dziko la Belgium, nthawi yake yambiri imathera panjira. Basi imanyamuka kusanache, imatsetserekera ku Dover kapena ku Folkestone, imawoloka nyanja itakwezedwa m'sitima yapamadzi kapena m'sitima yodutsa pansi pa nyanja, ndipo ikatulukira ku Calais m'dziko la France pamakhala patatsala mtunda wa ola limodzi ndi theka. Kutsidyako nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi, moti ola limenelo limatayika m'mawa, pamene likufunika kwambiri. Zonsezi zikachotsedwa, gulu limatsala ndi maola anayi kapena asanu oti lione mzinda umene anthu akhala akuumanga kwa zaka zoposa 1,000.

Ine ndinayenda ulendo umenewu ndi anzanga a ku Malawi amene timapemphera limodzi kuno ku England. Basi inali yodzaza ndi agogo, makolo, achinyamata ndi ana aang'ono. Ambiri a ife timayendera mapasipoti a kwathu, choncho tinayenera kupempha visa ya Schengen, chilolezo cholowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kudakali milungu ingapo, kulipira ndalama yake, ndiponso kupempha tsiku lopuma kuntchito. Munthu amene walipira zonsezi safuna kusiya kanthu m'mbuyo, ndipo mtima wofuna kuona chilichonse ndi umene umachititsa kuti ulendo wa gulu ukhale wa piringupiringu. Vuto lake n'lakuti mbiri ya Bruges ili m'madzi ake, ndipo munthu wothamanga amangoona kukongola kwa madziwo, mbiriyo n'kumudutsa.

Mabasi a alendo saloledwa kulowa pakati pa mzinda. Amaima kummwera, pamalo otchedwa Bargeplein, ndipo kuchokera apo aliyense amayenda wapansi. Tisanatsike, dalaivala ananenetsa za nthawi yonyamukira, ndipo sikunali kuuma mtima: malamulo a ku Ulaya amaika malire a maola amene woyendetsa basi angagwire chiwongolero pa tsiku, komanso malo athu m'sitima yobwerera anali olipiriratu pa ola lake. Amayi amene ankatitsogolera anamangirira chitenje chofiira kunsonga kwa ambulera n'kuikweza m'mwamba kuti tiziwaona pakati pa khamu, chifukwa magulu ena ambiri anali atatsika kale m'mabasi awo, lililonse likulondola mbendera yake.

Malo oyamba kufika ndi dziwe la Minnewater, lozunguliridwa ndi mitengo, limene masiku ano limatchuka ngati malo a anthu okondana. Kale linali doko la mkati mwa mzinda, pamene pankakocheza mabwato onyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Ghent, ndipo nsanja yozungulira imene ili pambali pake inkasunga onga wa mfuti. Pamadzi ndi pakapinga pamadzaza mbalame zoyera zonga atsekwe, za makosi aatali, zimene khonsolo ya mzinda imazisamalira. Eni mzinda amasimba kuti mbalamezi zinabwera ngati chilango. Mu 1488 anthu a mu Bruges anaukira Maximilian wa ku Austria, amene ankawalamulira, anamutsekera m'nyumba ina ya pamsika waukulu, ndipo anadula mutu wa nduna yake Pieter Lanchals; ndiye akuti atamasulidwa analamula kuti mzindawo uziweta mbalamezi mpaka kalekale pokumbukira ndunayo. Za mbalamezo ndi nthano chabe, koma kutsekeredwa kwa Maximilian ndi kuphedwa kwa Lanchals kunachitikadi, ndipo mkangano umenewo unaupweteka mzindawu kwambiri.

Pafupi pomwepo pali chipata cholowera ku Begijnhof, bwalo lalikulu la udzu ndi mitengo italiitali, lozunguliridwa ndi tinyumba topakidwa laimu. Malowa anakhazikitsidwa mu 1245 ndi Margaret wa ku Constantinople, amene ankalamulira chigawo cha Flanders kumene kuli Bruges, kuti mukhale akazi osakwatiwa ndi amasiye amene ankafuna moyo wa mapemphero popanda kuchita malumbiro a usisitere a moyo wonse. Ankadzidyetsa okha ndi ntchito za manja awo, ndipo ankatha kuchoka akafuna kukwatiwa. Kuyambira mu 1927 mumakhala masisitere a chipani cha Benedikito Woyera, ndipo nyumba zina mumakhala akazi wamba a mumzindamo. Pachipata ndi m'mbali mwa njira pali zikwangwani zopempha alendo kuti asachite phokoso. Achinyamata athu atayamba kuitanana kuti ajambulitse, agogo ena aakazi anawakodola n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ana inu, pano ndi pakhomo pa eni ake, tiyeni tidutse ngati alendo." Anawo anamva, ndipo tinadutsa bwalolo mwakachetechete. Mawu amenewo ndinawaona kuti ndi oyenera mzinda wonse, osati bwalo lokhalo.

Kenako tinakaima pamzere wokwerera boti. Maboti ake ndi osafolera, amazungulira ngalande za pakati pa mzinda kwa theka la ola, ndipo woyendetsa amafotokoza zinthu m'zinenero zingapo motsatizana, kwinaku akuchenjeza anthu kuti aweramitse mitu podutsa pansi pa milatho yaifupi. Ulendowu ndi wokoma ndipo ndimaulimbikitsa, chifukwa nyumba zambiri zakale zinamangidwa moyang'ana kumadzi, ndipo makomo aang'ono ndi masitepe otsikira m'ngalande amaoneka bwino munthu akakhala pansipo. Koma theka la ola logawidwa m'zinenero zitatu silingakwanitse kunena chifukwa chimene ngalandezo zinakumbidwira.

Bruges sali m'mphepete mwa nyanja, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera kugombe. Mu 1134 namondwe wamkulu anang'amba gombe la Flanders n'kutsegula njira ya madzi yotchedwa Zwin, imene inalowa kumtunda mpaka kufupi ndi mzindawu. Zombo zikuluzikulu zinayamba kukocheza pa Damme, kenako pa Sluis, ndipo katundu ankamusamutsira m'mabwato osalowa kwambiri m'madzi amene ankatha kufika mpaka pakati pa mzinda kudzera mumtsinje wa Reie ndi ngalande zake. Ubweya wa nkhosa unkachokera ku England, n'kuwombedwa nsalu zodula m'mizinda ya Flanders. Amalonda a ku Germany a mgwirizano wa Hansa ankabweretsa zikopa, phula ndi matabwa kuchokera kumpoto ndi kummawa, vinyo ankachokera ku France, ndipo zombo za ku Genoa zinafika koyamba mu 1277, za ku Venice mu 1314, zitanyamula zokometsera zakudya, silika ndi mankhwala ogwiritsa ntchito ponyika nsalu. Patsogolo pa nyumba ya alendo ya banja la Van der Beurze amalonda a mayiko osiyanasiyana ankakumana kuti asinthane ndalama ndi makalata a ngongole, ndipo malo amenewo amawerengedwa ngati amodzi mwa magwero a misika ya ndalama ya masiku ano. Pamsika waukulu panali nyumba yaikulu yotchedwa Waterhalle, yomangidwa pamwamba pa ngalande, moti mabwato ankalowa pansi pa denga lake n'kutsitsa katundu osanyowa ndi mvula. Panalinso chikepe chachikulu chamatabwa chokwezera migolo ya vinyo, chimene anthu ankachiyendetsa poyenda mkati mwa magudumu ake. Ngalande zimene ife tinkazijambula zinali misewu ya ntchito, yodzaza ndi phokoso, fungo la zikopa zofufuta ndi mikangano ya msonkho.

Zwin inayamba kukwiririka ndi mchenga ndi matope pang'onopang'ono. Ife a ku Malawi timadziwa zimene matope amachita, poti timamva kawirikawiri za matope ndi zinyalala za mumtsinje wa Shire zimene zimatseka makina opangira magetsi ku Nkula. A ku Bruges anayesa kukumba, anayesa kutsegula ngalande zatsopano, koma zombo zinkakulirakulira pamene njira yake inkaphwa. Ndale zinawonjezera vutolo. Mary wa ku Burgundy, amene ankalamulira Flanders, anamwalira mu 1482 atagwa pahatchi ali ndi zaka 25 zokha, ndipo mizinda ya kumeneko inakana kuti mwamuna wake Maximilian ailamulire mmene iye ankafunira. Pofuna kulanga Bruges, iye analamula amalonda akunja kuti asamukire ku Antwerp, mzinda wa doko lakuya pamtsinje wa Scheldt, ndipo ambiri atazolowera kumeneko sanabwererenso. Pofika zaka za m'ma 1500 malonda aakulu anali atasamuka. M'zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale ankamera ku Ghent ndi kwina, Bruges anali umodzi mwa mizinda yosauka kwambiri m'Belgium, ndipo akazi ambiri ankadyetsa mabanja awo poluka nsalu za lesi pamakomo, ntchito yothetsa maso koma ya malipiro ochepa. Umphawi umenewo ndi umene unasunga misewu yopapatiza ndi nyumba zakale, chifukwa panalibe ndalama zogwetsera n'kumanga zatsopano. Ndikaona lesi m'mawindo a masitolo ndimakumbukira akazi amenewo, ndipo ndimalakalaka oyendetsa maboti akanamawatchula.

Si zonse zooneka zakale zimene zilidi zakale, ndipo mlendo ayenera kudziwa zimenezi popanda kukhumudwa. Alendo atayamba kubwera m'zaka za m'ma 1800, ambiri a iwo Angerezi, mzindawu unayamba kukonzanso nyumba zake motsanzira mamangidwe a makolo, ndipo katswiri wina wa zomangamanga, Louis Delacenserie, anatsogolera ntchito yambiri yotereyi. Nyumba yaikulu ya boma la chigawo imene ili pamsika, pamalo pamene panali Waterhalle, inayamba kumangidwa mu 1887. Kamlatho ka Bonifacius, kamene anthu amakanganirana kuti ajambulitsepo poganiza kuti n'kakalekale, kanamangidwa mu 1910. Mzindawu unapezanso njira ya kunyanja mu 1907 pamene doko la Zeebrugge linatsegulidwa, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaika chigawo chonse chakale pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Titatsika m'boti gulu linayamba kukokerana. Ena ankafuna masitolo a chokoleti, ena ankafuna chakudya, ana ankafuna kukwera ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo ena tinkafuna kulowa m'tchalitchi cha Onze-Lieve-Vrouw. Amayi otitsogolera anachita zanzeru potigawa timagulu ting'onoting'ono, aliyense ndi nambala ya foni ya mnzake, n'kupangana ola lokumana pansi pa nsanja ya pamsika. Tchalitchicho chili ndi nsanja ya njerwa yotalika mamita 115, ndipo njerwa zili paliponse mu Bruges chifukwa dera lakelo lili ndi dongo lambiri koma lilibe miyala yomangira. Mkati muli chosema cha Maria atanyamula mwana Yesu, chimene Michelangelo, katswiri wa ku Italy, anasema pamwala woyera wa mabo. Amalonda a nsalu a banja la Mouscron ndiwo anachigula n'kuchibweretsa kuno wosemayo akadali ndi moyo, umboni wina wa kumene ndalama za nsalu zinkafika. Asilikali a ku France anachitenga mu 1794 ndipo chinabwezedwa Napoleon atagonja, asilikali a ku Germany anachitenganso mu 1944 ndipo chinapezeka chaka chotsatira mumgodi wa mchere ku Altaussee, m'dziko la Austria. N'chaching'ono kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo nkhope ya mayiyo siyang'ana mwanayo, ikuyang'ana pansi ngati ya munthu amene akudziwa zimene zikubwera. M'tchalitchi momwemo muli manda a Mary wa ku Burgundy ndi a bambo ake.

Malo amene anandigwira mtima kwambiri ali tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi tchalitchicho. Ndi chipatala chakale cha Sint-Jan, chimene malamulo ake oyamba odziwika analembedwa mu 1188, ndipo chinasamalira odwala mpaka m'zaka za m'ma 1970. Ambiri m'gulu lathu ndi anamwino kapena osamalira okalamba m'nyumba za ku England, ndipo titalowa m'zipinda zazikulu zimene munkagona odwala, pansi pa mitanda ikuluikulu ya denga, kuyenda kwathu kunachepa kokha. Abale ndi masisitere a pamalopa ankalandira odwala, osauka ndi apaulendo osowa pogona, pa nthawi imene mankhwala anali ochepa ndipo chithandizo chachikulu chinali bedi, chakudya, kusambitsa munthu ndi kukhala naye pafupi pamene akutsirizika. Mlongo wina amene amagwira ntchito ya usiku posamalira okalamba anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi chakale choonetsa mmene chipindacho chinkaonekera, mabedi atandandalikidwa m'mizere, masisitere akunyamula mbale ndi nsalu. Anandiuza kuti, "Achimwene, ntchito imeneyi ndi yomwe ija, angosintha zovala ndi zipangizo." M'chipatala momwemo muli zithunzi zojambulidwa ndi Hans Memling, amene anabadwira ku Germany n'kudzakhazikika ku Bruges mpaka imfa yake mu 1494, ndipo zina mwa izo anazijambulira anthu a pachipatalacho. Chodziwika kwambiri ndi kabokosi kamatabwa kooneka ngati katchalitchi, ka mu 1489, kamene mbali zake zikusimba ulendo wa Ursula Woyera. Ndinachita chidwi poona kuti zinthu zokongola chonchi zinapangidwira nyumba ya odwala ndi osauka. Tinatha ola lathunthu m'menemo, ndipo pa maola ochepa amene tinali nawo, limenelo ndi limene sindikanalisinthanitsa ndi china chilichonse.

Pamsika waukulu, umene eni ake amautcha Markt, achinyamata anali atapita kale kukakwera Belfort, nsanja ya mamita 83 yokhala ndi masitepe 366 ndi mabelu 47. Masitepe ake ndi opapatiza ndipo amalowetsa anthu owerengeka pa nthawi imodzi, choncho gulu lalikulu silingakwere lonse pa tsiku lotere. Nsanjayi si ya tchalitchi, ndi ya mzinda: munkasungidwa makalata a ufulu umene anthu a mu Bruges anapatsidwa ndi olamulira awo, ndipo mabelu ake ankalengeza nthawi yoyamba ndi yoweruka ntchito, moto ndi nkhondo. Pakati pa msika pali zosema za Jan Breydel ndi Pieter de Coninck, wogulitsa nyama ndi wowomba nsalu, amene amakumbukiridwa pa kuukira ulamuliro wa France mu 1302. Akuluakulu anakhala pansi pa zosemazo n'kumadya tchipisi ta mbatatesi topaka mayonezi, pamodzi ndi mandasi amene ena ananyamula kunyumba, chifukwa malo odyera ozungulira msika ndi odula, ndipo kudikira chakudya cha anthu ambiri kukanatha nthawi yonse yotsala.

Ku Burg, bwalo lachiwiri loyandikana ndi msika, tinangodutsa mwachangu. Kuli nyumba ya khonsolo imene inayamba kumangidwa mu 1376, ndi tchalitchi chaching'ono chosungira kabotolo kamene Akatolika a kumeneko amakhulupirira kuti muli magazi a Ambuye, ndipo amayenda nako m'misewu chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba. Akatolika a m'gulu lathu analowa kukagwada, a mipingo ina anawadikira panja mwaulemu, ndipo panalibe amene anatsutsa mnzake.

Nkhani ya khamu siyenera kubisidwa. M'chigawo chakale cha Bruges mumakhala anthu pafupifupi 20,000, koma mu 2018 mzindawu unalandira alendo oposa 8 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anali a tsiku limodzi ngati ife. Onsewa amafika nthawi yofanana, amayenda misewu yomweyomweyo yochokera kummwera kupita kumsika, ndipo amachoka dzuwa lisanalowe. Mu 2019 akuluakulu a mzinda, motsogozedwa ndi meya Dirk De fauw, anachepetsa chiwerengero cha sitima zikuluzikulu za alendo zokocheza pa Zeebrugge kuti zisamapitirire ziwiri, ndipo anasiya kutsatsa maulendo a tsiku limodzi. Kampani ya mowa ya De Halve Maan inakwirira paipi ya makilomita atatu pansi pa misewu mu 2016, yopititsa mowa kufakitale yothira m'mabotolo kunja kwa mzinda, kuti magalimoto olemera asamadzaze misewu yopapatiza ya miyala. Tsiku lonse tinkamva mabelu a njinga kumbuyo kwathu: anali eni mzinda akupita kuntchito, kusukulu ndi kumsika, ndipo gulu la anthu ambiri likaima pamlatho kuti lijambulitse, iwo amasowa podutsa. Sindiona chifukwa chakuti munthu wogwira ntchito ya mashifiti achite manyazi kuti wabwera tsiku limodzi lokha, poti ndilo limene angakwanitse, ndipo mzinda wokongola si wa olemera okha. Koma gulu lili ndi udindo woyenda m'mbali mwa msewu, wosatseka milatho, ndiponso wosasuzumira m'mawindo. Mu Bruges muli timabwalo tambiri ta nyumba zoyera zimene anthu olemera akale anamangira okalamba ndi amasiye, ndipo zambiri mukukhalabe okalamba mpaka lero.

Nthawi itatsala pang'ono, ochepa tinayenda cha kumpoto kwa msika, mtunda wa mphindi zochepa chabe, mpaka pabwalo la Jan van Eyck. Pamenepo ngalande ya Spiegelrei imathera patsogolo pa nyumba yakale ya msonkho ndi nyumba imene amalonda olemera ankakumanirako, ndipo ndi pamene mabwato ochokera ku Damme ankafikira. Anthu anali ochepa kwambiri, moti munthu ankatha kuima n'kuona mmene doko linakhalira, kumene katundu ankatsikira, ndi misewu imene mayina ake akutchulabe amalonda a ku Spain, a ku England ndi a Hansa aja amene ankakhalamo. Kupitirira apo kuli tchalitchi cha Jeruzalem, chimene banja la Adornes lochokera ku Genoa linamanga m'zaka za m'ma 1400, ndipo kumapeto kwa mzinda kuli zigayo zoyendera mphepo pamwamba pa mchenga wa linga lakale. Kumeneko sitinafike, chifukwa pobwerera ku basi tinafunika kuyenda pa liwiro la agogo, ndipo misewu ya miyala imapweteka mawondo.

Pamsonkhano wa komiti ya gulu lathu umene unatsatira, ena anapempha kuti chaka chamawa tidzapite mzinda wina, enanso kuti tidzabwerere ku Bruges. Ine ndinapempha kuti ngati tibwerera, tidzasonkhe ndalama zogonako usiku umodzi, boti tidzakwere m'mawa mizere isanatalike, agogo adzakhale ndi kagulu kawo koyenda pang'onopang'ono ndi wachinyamata mmodzi wowathandiza, ndipo aliyense adzasankhiretu malo awiri okha olowamo tisananyamuke. Anga ndasankha kale. Ndikufuna kubwerera kuchipatala cha Sint-Jan pamodzi ndi anamwino amene ulendo uno anapita kumasitolo, kenako ndikalowe ku Groeningemuseum, nyumba yosungiramo zithunzi, kumene kuli chithunzi chachikulu cha Maria ndi wansembe Joris van der Paele, chimene Jan van Eyck anamaliza kujambula mu 1436, zaka zisanu asanamwalire mumzinda womwewu.